Kupukwa Zomba

Mu Lilongwe muno muli anthu achikulire amene ukawafunsa kwawo amayamba atchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, monga zimalembedwera pa chiphaso. Koma macheza akangotalika pang'ono umamva akuti, "Kwathu ku Zomba kuja zinthu sizinkatere." Ukafunsitsa upeza kuti wina kwawo ndi ku Nkhata Bay, wina ku Ntcheu, wina ku Nsanje. Ku Zomba alibeko munda ngakhale manda a makolo. Anafikako chifukwa cha ntchito ya boma, ena anabadwira m'nyumba za boma makolo awo ali pa ntchito, ndipo anachokako pamene boma lomwelo linasamutsa likulu la dziko mu 1975. Papita zaka 50 tsopano koma akupukwabe. Ine ndine mmodzi wa iwo. Bambo anga anali kalaliki, ndipo tinasamuka ndili mnyamata wa ku pulayimale, wosinkhukirapo ndithu moti mzindawo ndinali nditaudziwa kale ndi mapazi anga.

M'munsi mwa phiri la Zomba munali anthu kale azungu asanafike: Anyanja ndi Amang'anja, kenaka Ayao a mafumu monga Malemia ndi Mlumbe. Alomwe anadza ambiri kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi zaka zotsatira. Koma tauni imene tikuidziwayi inayamba ndi mlimi wa ku Scotland, John Buchanan, amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, kenaka n'kudzatsegula minda ya khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ndi iyeyo amene mu 1886 anamanga nyumba ya kazembe wa Britain, ya nsanja ziwiri zosongoka ija, imene pambuyo pake inadzakhala nyumba yogona alendo a boma, kenaka Hotel Masongola. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, analowa m'nyumba imeneyo ndipo boma linakhazikika pomwepo. Anakopeka ndi madzi osaphwa otsika m'phiri ndi mphepo yozizirira. Malowo analinso pafupi ndi njira zimene ogulitsa akapolo ankadutsa popita kugombe la nyanja yamchere, komanso anali otalikirako ndi amishoni ndi amalonda a ku Blantyre, amene sankamvana naye pa zambiri. Kuyambira pamenepo Zomba inakhala likulu kwa zaka zoposa 80.

Atsamunda anaumanga mzindawu motsatira mtsetse wa phiri, ndipo mtsetsewo unkasonyeza udindo wa munthu. Kumtunda kozizira kunali nyumba za akuluakulu a boma, za makhonde otambalala ndi machumuni a moto wowotha. Nyumba ya bwanamkubwa, imene lero ndi State House, inamangidwa mu 1901 nthawi ya Alfred Sharpe. Pakati panali maofesi, munda wa mitengo ndi maluwa umene Alexander Whyte anayambitsa, bwalo la gofu ndi Gymkhana Club, kumene munthu wakuda ankalowa ali wantchito basi. Kumunsi kunali masitolo a Amwenye, mzikiti ndi msika, ndipo kupitirira apo malayini a makalaliki, amesenjala, apolisi ndi asilikali. Bambo ankanena kuti tisanalandire ufulu, malipiro a munthu unkawadziwa pongoona ngati akaweruka akukwera mtunda kapena akutsika. Ife ana a m'ma 1960 tinapeza mipanda imeneyi ikugwa. Amalawi anali atayamba kulowa m'nyumba zakumtunda zija, ndipo tinkayenda pansi pa mibawa ikuluikulu ya m'mbali mwa misewu tikudziwa kuti mthunziwo ndi wathu.

Chimene munthu wa ku Zomba amayamba kuchisowa akachoka ndi phiri. Tauni yonse yakhala pa phirilo ngati mwana pamsana pa mayi ake. Sungasochere, chifukwa kumtunda ndi kuphiri, kumunsi ndi ku Likangala ndi ku Chilwa. Ukadzuka umayang'ana kumeneko kuti udziwe ngati uchape kapena udikire. Mu June ndi July chiperoni chikabwera, nkhungu inkatsika mpaka kumeza mapaini onse, mvula yowaza n'kumagwa masiku angapo osakata, ife tikupita kusukulu manja ali m'khwapa, mano akugundana. Madzi a pampopi ankazizira mpaka kugwira mano, ndipo ankakoma. Amayi anga mpaka lero sanavomere kuti kuli madzi ena ofanana ndi a Mulunguzi. M'mamawa amayi a m'midzi ankatsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa msinkhu wawo, akuchita kathamangathamanga kuti katunduyo asawalemere, pambuyo pawo anyamata atasenza mbatata ya kachewere m'kanjira kotsetsereka kaja. Nyengo yake ikakwana, m'mbali mwa msewu wokwera ku Ku Chawe munkadzaza ana atanyamula timbale ta sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya.

Loweruka lina tinkauyamba ulendo wokwera, kamba wathu ali chinangwa chophika. Tinkafika pa mathithi a Williams, tinkasuzumira m'maiwe osungiramo nsomba za trout, ndipo amphamvu ankapitirira mpaka pa malo oonera patali aja: Queen's View, dzina lokumbukira ulendo wa mayi a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Ukaima pamenepo tauni yonse ili pansi pa mapazi ako, madenga ake akuphethira pakati pa mitengo, kutsogolo kuli chigwa, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, ndipo kukayera bwino phiri la Mulanje limaoneka lonse. Mbali inayo kuli dzenje la Chingwe, loyang'ana kuchigwa cha Shire, limene akuluakulu ankati mafumu akale ankaponyamo adani awo. Tinkaponyamo miyala n'kumamvetsera, kenaka mantha n'kutigwira tonse nthawi imodzi. Nsonga ya Malumbe, yotalika mamita oposa 2,000, tinkangoiloza ndi chala.

Phiri lomweli linkaopedwanso. Panalibe mwana wa ku Zomba wosadziwa za Napolo. Mu December 1946 kunagwa mvula yoposa mamilimita 700 m'masiku awiri osakwana. Mbali zina za phiri zinagumuka, madzi anatsika ndi miyala, matope ndi mitengo yathunthu, anakokolola milatho ya m'tauni ndipo anthu anafa. Akatswiri ankati dothi linakhuta madzi mpaka kutsetsereka. Agogo athu ankati chinjoka chokhala pansi pa phiri chinali pa ulendo wopita kunyanja, ndipo chikamadutsa sichisiya kanthu m'njira. Nkhaniyi inalowa m'nyimbo ya abale a Paseli imene wailesi inkaimba kawirikawiri, ndipo pambuyo pake Steve Chimombo anailembera ndakatulo. Ife tinaimva kwa anthu amene anaona ndi maso. Mayi wina wokalamba wa pafupi nafe, mvula ikagwa usiku wonse, sankagona. Ankakhala pakhomo akumvetsera kuphiri, ndipo amayi ankatiletsa kumuseka.

Ndikati ndinene pamene panali mtima wa Zomba, ndinena msika. Ndayenda m'misika yambiri m'dziko muno koma sindinaone wina umene phiri ndi nyanja zimakumana chonchija. Kuphiri kunkachokera zipatso, mbatata, kabichi ndi nkhuni. Kuchigwa kunkachokera mpunga wonunkhira, nzimbe, nandolo, mphasa ndi madengu, komanso mbalame zokazinga za kudambo. Ndiye nsomba za ku Chilwa: matemba owuma ataunjikidwa milumilu, makumba, milamba yowamba yakuda bii, zonse zitabwera pa njinga kuchokera kudooko la Kachulu, wopalasayo thukuta lili kamukamu. Malonda ankachitika m'zinenero zitatu. Wogulitsa ankakuitana m'Chiyao, mukanenerera m'Chinyanja, iye n'kutembenukira kwa mnzake kumufunsa tchenji m'Chilomwe. Amayi, amene kwawo ndi ku Ntcheu, anaphunzirira Chiyao pa benchi ya nsomba. Matemba a ku Chilwa otendera, kapena ongokazinga ndi tomato, ndi nsima ya ufa woyera: ichi ndicho chakudya chimene chinalera ana a makalaliki pamene mwezi wafika pakati.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, ine ndili wamng'ono, ndipo chimene ndimakumbukira ndi madandaulo a amayi kuti ndiwo zasowa, ndi nkhani za asodzi amene anasamukira ku Malombe ndi ku Mangochi. Inadzaphwanso mu 1995 ndi mu 2018. Maulendo awiri omalizawa nkhaniyo inkatipeza ku Lilongwe ndipo tinkailandira ndi chisoni chenicheni, pamene anansi athu ankangoimva n'kupitiriza zawo.

Zomba inalinso tauni ya yunifomu. Ku Cobbe Barracks kunali asilikali kuyambira nthawi ya King's African Rifles, a Keyala aja amene anakamenya nkhondo ku East Africa ndi ku Burma, ndipo nsanja ya wotchi yokumbukira amene anafera kunkhondo imakulandira ukamalowa m'tauni kuchokera ku Blantyre. Likulu la apolisi nalo linali ku Zomba. Lipenga la m'mawa linkamveka mpaka m'malayini mwathu, ndipo bandi ikamayeserera ife tinkaitsatira pambuyo tikuguba ndi mapazi opanda nsapato. M'midzi yozungulira anthu anali atasandutsa kale perete ameneyu kukhala gule wa beni. Mu August ndi September kunkamveka manganje, ana akutuluka ku simba.

Nyumba ya Malamulo ikamakumana tauni inkasintha. Magalimoto akuda ankadzaza, amayi ovala nsalu za chipani ankaima m'mbali mwa msewu, ana a sukulu n'kutindandalitsa kuti tiombe m'manja Kamuzu akamadutsa. Makolo athu ankakumbukira zina zimene sankazinena mokweza. M'nyumba yomweyo, mu September 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirire ufulu, munabuka mkangano pakati pa Dr Banda ndi nduna zake: Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi, Yatuta Chisiza, Willie Chokani, Henry Masauko Chipembere, pamodzi ndi Rose Chibambo. Ogwira ntchito m'boma ambiri a ku Zomba anali mbali ya ndunazo, ndipo kumapeto kwa mwezi umenewo m'misewu munali zibonga ndi miyala pakati pa iwo ndi achinyamata a chipani. Bambo ankangoti, "Masiku amenewo tinkagona titavala nsapato," osawonjezerapo kanthu.

Maganizo osamutsa likulu anali a Dr Banda mwini. Ankanena kuti ali m'ndende ku Gwelo analota zinthu zitatu: likulu ku Lilongwe, yunivesite, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Ngakhale ndine wopukwa Zomba, sindinganene kuti zifukwa zake zinali zopanda pake. Chuma chonse cha atsamunda chinaunjikana kummwera, pakati pa Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi Zomba, pamene chigawo chapakati ndi chakumpoto zinatsalira. Munthu wa ku Chitipa ankayenda masiku kuti akafike kumene kuli boma lake. Komanso Zomba ndi yopanikizika pakati pa phiri ndi dambo, malo omangapo likulu lalikulu ndi bwalo la ndege zikuluzikulu panalibe. Britain inakana kupereka ndalama. Amene anavomera ndi boma la tsankho la South Africa, limene linapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni, chinthu chimene chinatidanitsa ndi maiko ambiri a mu Africa. Bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo tchire la kumpoto kwa tauni yakale ya Lilongwe linayamba kugwa. Maunduna anayamba kusamuka limodzilimodzi. Mu 1973 Chancellor College inachoka ku Chichiri kudzakhala ku Chirunga, choncho pamene makalaliki ankatuluka mu Zomba, ophunzira ankalowa.

Zonsezi ndinazidziwa nditakula. Pa nthawiyo chimene ndinadziwa n'chakuti bambo anabwera ndi kalata, ndipo nyumba za m'layini mwathu zinayamba kutsekedwa imodzi ndi imodzi. Palibe anafunsidwa ngati akufuna. Katundu anakwezedwa pa lole ya boma: mabedi, mtondo, mbaula, nkhuku m'chitete, ndi mphukira za nthochi zimene amayi anakumba kuseri kwa nyumba atazikulunga m'chiguduli chonyowa. Tinadutsa Chinamwali, Songani, Domasi ndi Malosa, phiri likadali kumanzere kwathu. Titatsika ku Machinga n'kuwoloka Shire pa Liwonde, kutentha kunatilandira, ndipo titafika ku Balaka palibe amene ankayankhulanso.

Anatipatsa nyumba ku Area 18. Inali yatsopano, yonunkhira penti, yabwino kuposa imene tinasiya. Koma panja panali dothi lofiira lokhalokha, mathirakitala atangodutsa kumene, popanda mtengo woti munthu n'kukhala pansi pake. Amayi anatsika pa lole, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa, "Bambo a ana, nanga phiri lake kunoku lili kuti?" Bambo analoza chakummwera nati lilipo la Bunda, liliponso la Nkhoma. Amayi anati amenewo ndi mapiri a eni ake, ali kutali. Kwa miyezi yambiri ine ndinkasochera pochokera kusukulu, chifukwa nyumba zinali zofanana ndipo kunalibe kumtunda kapena kumunsi. Malo analibe maina koma manambala. Ife tinazolowera Matawale, Chikanda, Sadzi, Mpondabwino, Kalimbuka, maina oti ukawatchula umaona nkhope za anthu. Kuno kunali 18, 25, 47, ndipo manambalawo sankatsatana n'komwe. Ku Zomba bambo ankapita kuntchito wapansi n'kubwera kudzadya nsima masana. Ku Lilongwe ankadzuka kusanache kukadikira basi ya ku Capital Hill, n'kubwera dzuwa litalowa. Msika unali kutali ku tauni yakale, kutsidya kwa mtsinje. Mzindawu anaujambula anthu oyenda pa galimoto, ndipo ambiri mwa amene anatumizidwa kudzakhalamo analibe ngakhale njinga.

Kupukwa kwa akuluakulu kunkaonekera m'zinthu zazing'ono. Mabanja ochokera ku Zomba ankafunana, ngakhale amene kumeneko sankayenderana. Madzulo a Loweruka abambo ankakhala pakhonde pathu n'kumayenda m'tauni ija ndi pakamwa, sitolo ndi sitolo, kukangana kuti telala uja ankakhala pakhonde la Mmwenye uti. Mwayi unali wakuti Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba. Aphungu akamakumana, akuluakulu a maunduna ankayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 300 ndi mafailo awo, madalaivala ndi makalaliki, ndipo nthawi zina bambo ankapita nawo. Sabata imeneyo pakhomo pathu pankabwera amayi a m'dera lonse, aliyense ndi ndalama yake yomanga pansonga ya nsalu: uyu matemba, uyu mpunga, uyu makumba. Bambo akabwera tinkamasula katoni ija pakati pa nyumba, fungo la ku Chilwa n'kudzaza ponseponse, ndipo mafunso ankayamba. Kodi mvula yagwa? Kodi m'nyumba mwathu muja mukukhala ndani? Mapeyala aja akubereka?

Boma linasamuka koma silinatenge zonse. Nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino ikadali ku Zomba, ndipo aliyense wofuna kulemba mbiri ya Malawi amayenera kukakhala kumeneko n'kumatembenuza mapepala. Makina osindikizira a boma ali komweko. Ofesi yowerengera anthu, ofesi yofufuza za miyala ya pansi pa nthaka, ndi MANEB, kumene kumachokera mayeso a mwana aliyense wa m'dziko muno, zonsezi zili ku Zomba. Ine ndimakhulupirira kuti kusamuka kumene kunatipweteka kuja ndi komwenso kunaupulumutsa mzindawu. Likulu likadakhala, mibawa ija ikadagwa kalekale kuti misewu ikule, nyumba za njerwa zofiira zikadagumulidwa, ndipo mtsetse wonse wa phiri ukadadzaza mipanda.

Pali Zomba ina imene ife opukwa sitikonda kuitchula, ndipo ndikuona kuti kuibisa n'kulakwira anthu amene anaidziwa. Kwa Amalawi ambiri, kumva kuti m'bale wako apita naye ku Zomba kunali kumva za ndende kapena za chipatala cha odwala misala. Ndende yaikulu ija ili m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo tinkaidutsa tsiku ndi tsiku. M'menemo ndi mmene ankanyongera anthu. M'menemo ndi mmene Orton Chirwa anafera mu October 1992, atakhala zaka zoposa 10 m'manja mwa boma, mkazi wake Vera ali m'chipinda china cha ndende yomweyo. Kuchigwa, njira ya ku Chilwa, kuli Mikuyu, kumene ankasungira anthu popanda kuwazenga mlandu. Mu May 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anagwidwa akuchokera ku Nyumba ya Malamulo, anagonekedwa ku Mikuyu, n'kukaphedwa ku Mwanza, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Mu September 1987 Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anamangidwa ali ku Gymkhana Club, ndipo anakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osauzidwa chimene analakwa. Kuchokera ku Mikuyu phiri lija limaoneka bwino lomwe. Ndimaganiza za amayi amene ankatsika basi pa depoti ya Zomba atanyamula kaphukusi ka chakudya, osadziwa ngati awalola kuona mwana wawo. Amenewo sangaupukwe mzindawu, ndipo ali ndi chifukwa. Ine ndimaukondabe, koma ndimaukonda ndikudziwa kuti pamene ife tinkatola mabulosi, ena ankawerenga masiku kuseri kwa khoma lomwe tinkalidutsa.

Mzinda womwewo ndi umene unathandiza kuthetsa mantha. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, ophunzira a ku Chancellor College anatuluka kukayenda m'misewu kuivomereza, pa nthawi imene akuluakulu ambiri ankaopa ngakhale kuisunga m'nyumba. Koleji inatsekedwa, koma chinthucho chinali chitayambika. Ophunzira a ku Chirunga ndiwo gulu lachiwiri la anthu opukwa Zomba, ndipo mwina achuluka kuposa ife tsopano. Amakhalako zaka zinayi zokha, koma ukakumana nawo ku Capital Hill, ku Johannesburg kapena ku Manchester, nkhani yawo ndi ya Great Hall, masewero a Travelling Theatre, zipinda za lendi za ku Chikanda ndi ulendo wapansi wopita kumsika. Chimodzimodzi anyamata a sekondale ya Box 2 ndi atsikana a sekondale ya St Mary's. Zomba yakhala ikulandira anthu ali achinyamata n'kuwatulutsa moyo ukamayamba kulimba, ndipo ndikuganiza kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene imakhalira yokoma chonchi m'makumbukiro. Koma si chokhacho. Amayi anga anafikako ali mayi wa ana kale, ndipo palibe amene amaipukwa kuposa iwo.

Mu 1994 Nyumba ya Malamulo nayo inasamukira ku Lilongwe, poyamba m'nyumba ya chifumu imene Kamuzu anamanga, kenaka mu 2010 m'nyumba yakeyake yomangidwa ndi thandizo la China. Maulendo a makatoni a matemba aja anathera pamenepo. Mu 2008 Zomba inapatsidwa ulemu wotchedwa mzinda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 105,000 mumzindawu, pamene Lilongwe inali itayandikira miliyoni imodzi. Lilongwe yatisunga, sindingaikane. Mitengo imene bambo anadzala ku Area 18 inakula, nthochi za amayi zinabereka, ana anga anabadwira kuno ndipo akamati kwathu amanena kuno.

Ndikapita ku Zomba masiku ano, chimene chimandipweteka si penti yosuluka kapena madenga a dzimbiri a maofesi akale, ngakhale nazonso zimafuna wozisamala. Ndi phiri. Mbali zambiri zimene zinali zobiriwira ndi mapaini ndi mitengo yachilengedwe zili mbee, zitsa zokhazokha. Mitengo inadulidwa mofulumira kuposa mmene inkadzalidwira, moto umalowa chaka ndi chaka, ndipo anthu osauka a m'munsimo alibe pena popezera ndalama koma nkhuni, makala ndi matabwa. Sindingamuloze chala mayi wosenza mtolo, pakuti makala akewo amapsereza nsima m'nyumba za ife a m'tauni. Koma damu la Mulunguzi, limene mzinda wonse umamwa, limadalira nkhalango imeneyo, ndipo mitsinje yotsika m'phirimo ndi imene imadyetsa minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi isanakathire mu Chilwa. Aliyense amene anamva nkhani ya 1946 kwa agogo ake amadziwanso chimene mtsetse wopanda mizu ungachite mvula ikakula. Pali magulu a anthu a komweko amene akudzala mitengo ndi kulimbana ndi moto, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata amene sanalione phirilo lili ndi nkhalango yake yonse.

Chinanso chikutha mwakachetechete. M'nyumba yosungira zakale ija muli makalata a abwanamkubwa, malipoti a ma DC ndi zokambirana za aphungu. Mulibe mbiri ya mesenjala amene ankakwera mtunda ndi njinga atanyamula makalatawo, ya khukhi wa ku nyumba zakumtunda, ya mayi amene ankagulitsa zitumbuwa pa geti la maofesi, kapena ya mabanja amene anakwezedwa pa malole m'ma 1970. Abambo amene ankakhala pakhonde pathu aja atha pafupifupi onse, bambo anga pamodzi nawo, ndipo aliyense anakaikidwa kumudzi kwawo monga mwa mwambo, kutali ndi tauni imene ankaitchula tsiku ndi tsiku. Ndayamba kukhala pansi ndi amayi, kope lili m'manja, iwo akutchula nyumba ndi nyumba za m'layini mwathu: uyu anali wa ku Likoma, ankaimba kwaya, uyu mwamuna wake anatengedwa usiku, anabwera patapita zaka, uyu ndi amene anandiphunzitsa kuphika mpunga wa nazi. Maso awo afooka koma mndandandawo sauphonya.

Mwezi wamawa ndikupita nawo. Anandiuza okha kuti akufuna akaoneko miyendo ikadalola. Ndinawafunsa ngati tiyambire kunyumba yathu yakale kapena tikwere kaye kuphiri pa galimoto. Anati, "Iwe, kunyumbako kuli eni ake, tikapita masana tikaodire bwinobwino. Tiyambire kumsika, a ku Kachulu asanamalize kugulitsa. Ndipo utenge dengu lalikulu lija, chifukwa anzanga a kutchalitchi andituma kale."